Volovolo ya .357 ndi nambala imene inandibweza kupolisi

Khadi la laisensi latuluka, volovolo ili m'sefu, mtima wakhala pansi tsopano. Koma ndisanaiwale, abale: nambala ya mfuti muziiwerenga nokha, pansi pa chigwiriro, osadalira maso a wogulitsa.

Kuno ku South Africa suyamba ndi kusankha mfuti, umayamba ndi gawo la lamulo, Firearms Control Act ya 2000. Gawo 13, lodzitetezera, limakupatsa mfuti imodzi kwa zaka 5. Gawo 15, la osaka nyama ndi ochita masewero owombera mwa apo ndi apo, limalola mfuti ya m'manja imodzi basi. Ndiye wofuna volovolo yachitatu kapena yachinayi njira yake ndi gawo 16, la ochita masewero owombera olembetsedwa, kapena 17, la osonkhanitsa mfuti, lomwe laisensi yake ndi ya zaka 10. Pa 17, bungwe lovomerezeka la osonkhanitsa liyenera kutsimikiza kuti mfutiyo ikulowa pa mutu wa zimene umasonkhanitsa. Amene muli pa pemiti ya ntchito musadzivute, zimenezi n'za nzika ndi okhala ndi chilolezo chokhaliratu.

Mfuti zinali zitatu pamaso panga. Smith & Wesson Model 57 ya zipolopolo za .41 Magnum, yoyamba kutuluka mu 1964, ndi yokongola, koma zipolopolo zake kuzipeza ndi ntchito, mfuti imangogona m'sefu. Colt Python, yomwe inayamba mu 1955 n'kubwereranso mu 2020, mtengo wake unandithawitsa. Ndinatsala ndi Smith & Wesson 686 yogwiritsidwapo kale ntchito, ya zipolopolo za .357, mpope wa mainchesi 6. Ubwino wake, imalandiranso .38 Special yomwe ndi yotchipa ndiponso yosatibula dzanja. Chokhacho, mukawombera .38 yambiri, tsukani mabowo a silinda, chitsulo chozungulira chija momwe mumalowa zipolopolo, musanaikemo .357, chifukwa mwaye umaunjikana pamene pamathera chikhokhombe chachifupicho, kenaka chachitali chimakana kulowa kapena kutuluka.

Wina anandiuza za Model 19, ya Smith & Wesson yomweyo. Ndinaisiya. Pa zakalezo, pakamwa pa mpope pamene chipolopolo chimalowera kuchokera m'silinda ndi popyapyala chakumunsi, ndipo zipolopolo zaukali zolemera 125 grain zimapang'alula. Fulemu ya 686 ndi yokulirapo, anaipangira dala kupirira zimenezi.

Za nambala zija. Mukatsegula silinda ya Smith & Wesson, m'kati mwa pamene pamalowa mkono wa silinda mumaoneka manambala angapo: wa modelo, ndiponso ena amene amisiri a kufakitale ankagwiritsa ntchito polumikiza zitsulo. Nambala yodalirika ili pansi penipeni pa chigwiriro, ndipo matabwa aakulu a chigwiriro amaiphimba. Mnyamata wa pasitolo anachita ulesi kumasula sikuluwu imodzi yokha, nakopera pa SAPS 271, fomu ya kupolisi yopemphera laisensi, nambala yolakwika. Ine, mwa changu changa, ndinangosainira.

Tsiku lonse linapita. Kupempha tchuthi kuntchito, kudzuka m'bandakucha, kukhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu, kenaka bwana woona za mfuti angoyang'ana pakompyuta n'kunena kuti nambalayi sikugwirizana ndi imene ili m'kaundula wa wogulitsa. Sanalakwe bwanayo ayi. Fomu yofufutafufuta salandira, ndiye kubwerera kusitolo, fomu yatsopano, ndiponso kalata ya bungwe ndi kalata yofotokoza chifukwa chofunira mfutiyo, zonse zinali ndi nambala yolakwika yomweyo. Sabata ziwiri kuyembekeza kalata ina, chifukwa cha sikuluwu imodzi!

Ndalumpha zoyang'ana pogula. Mfuti itakhala yopanda chipolopolo, kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse mwa asanu ndi limodzi. Silinda iyenera kukhoma hamala isanafike kumapeto. Ikachedwa ngakhale pa bowo limodzi, chipolopolo chimakhula m'mbali n'kumwaza tizidutswa ta mtovu. Mpata wa pakati pa silinda ndi mpope yezani ndi feeler gauge, ija ya amakaniko: kuyambira 0.004 mpaka 0.008 ya inchi uli bwino, ukapitirira mphamvu imatayikira pomwepo. Kankhani silinda kutsogolo ndi kumbuyo, isamaseweresewere. Walitsani tochi pamwamba pa mpatawo, kamzere kochepa kopsa ndi moto n'kabwinobwino, ngalande yakuya ikusonyeza kuti mfutiyo yadya zaukali zambiri. Hamala itakokedwa, ikankheni ndi chala chachikulu. Ikagwa yokha, wina anapalapala zitsulo za m'kati, isiyeni. Pa 686 zoyambirira, yopanda dashi ndi ya 686-1, funani chilembo M pafupi ndi nambala ya modelo, ndicho chizindikiro choti inakonzedwa a kufakitale ataziitanitsa mu 1987.

Pobwerera kupolisi ndinanyamula zonse kawirikawiri: kope la ID lodindidwa, satifiketi ya competency (yosonyeza kuti ndiwe woyenera kukhala ndi mfuti) ya mfuti za m'manja, zithunzi ziwiri, umboni wa kumene ndikukhala, zithunzi za sefu zoonetsa mabawuti amene anaimangira kukhoma. Risiti yolipirira musataye, nambala yofunsira mmene zikuyendera imadalira mapepala omwewo. Mfuti imakhala kwa wogulitsa miyezi yonse yodikirayo, ndiye funsiranitu ngati amalipiritsa yosungira, wanga ankawerengera mwezi ndi mwezi osandiuza.

Tsiku lotenga ndinapita ndi sikuludiraiva yanga m'thumba, ndinamasula matabwa aja pakauntala pomwepo, n'kuyerekeza nambala ndi ya pakhadi chilembo ndi chilembo mnyamata uja akuyang'ana kumbali.