Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: nyengo ya ma gassing

Gawo latha ndinalekezera pomwe ndinasiya ntchito ya mu shopu ku Kamwala n'kutsegula kabuthi kanga ka mobile money kuno ku Kanyama. Manje tafika kumayambiriro kwa 2020, ndipo gawo ili likundilemera kulemba koma sindingalidumphe.

Nkhani ya ma gassing inayambira ku Chingola, ku Copperbelt. Ankati kuli anthu oyenda usiku akupopera mankhwala m'nyumba za anthu pa windo kapena pansi pa chitseko, eni nyumba n'kukomoka. Pofika February inali italowa mu Lusaka, ndipo kwa ife inafikira pa foni. Pa buthi umakhala ndi anthu tsiku lonse, wina akutapa ndalama, wina akugula bundle, wina wangobwera kudzatchaja, ndiye aliyense ankangokuyika foni kukhutu, "tamverani iyi". Ma voice note ake ankafanana, mzimayi akupumira m'mwamba, agalu akuuwa kumbuyo, akuti alowa kwa aneba athu pompano ana ali kuchipatala tumizani kwa onse amene mumawakonda. Dzina satchula, tsiku satchula. Imodzi ndinaimva m'mawa akuti ndi ya ku Chawama, madzulo kasitomala wina akulumbira kuti ndi ya ku Matero kwa mlamu wake, mau omwewo, agalu omwewo. Kenako zinayamba kuwonjezeka, ati akufuna magazi a anthu, ati ukawathamangitsa amasanduka amphaka n'kuzimiririka padenga.

Sindikuti zonse zinali zopeka ayi. Anthu ena anapitadi kuchipatala akubanika, apolisi anamanganso anthu. Koma mantha amene tinali nawo anali ochokera m'mafoni. Pa poloti pathu a landilodi anatisonkhanitsa amuna kuti tizilondera mosinthana, mbaula pakati, wisilo m'khosi, ena zibonga, azimayi akutseka mipata ya zitseko ndi nsanza zonyowa. Amayi ku Katete kuyimba foni usiku, "Iwe, tenga ana ubwere kuno, kumeneko mukutha." Ndikafunsa kuti amayi mwamva kuti zimenezo, akuti mwana wa amalume ako wandimvetsera pa foni yake.

Tsiku lina dzuwa likupendeka kunabwera mnyamata wachilendo, chikwama kumsana, anayima pafupi ndi buthi yanga kufunsa njira ya kwa m'bale wake, ankaoneka kuti wasokera chifukwa kuno tinjira timafanana. Wina anakuwa kuti uyo wa gassing uyo! Abale anga, anthu anatuluka m'makona monse, miyala, matabwa, wina akugubuduza tayala, mnyamatayo akungoti ndine wa ku Mtendere ndabwera kwa achimwene anga, magazi akutsika pachipumi mpaka m'maso. Amene anamupulumutsa ndi amayi ena achikulire a Chigwirizano amene ankachokera ku tchalitchi ali mu yunifolomu, anadzigwetsa pamwamba pake n'kunena kuti muyambe mwapha ine. Chikwama chitatsegulidwa munali ovolosi, kontena ya nsima yopanda kanthu ndi botolo la madzi akumwa. Apolisi anabwera n'kumutenga.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mafoni amene anali m'mwamba nthawi yonseyo. Usiku womwewo kavidiyo kake kanafika mu gulu la WhatsApp la kwathu ku Katete, pamwamba alemba kuti wa gassing wagwidwa ku Kanyama. Kanathera pomwe akumenyedwa. Potsegula chikwama panalibe, amayi aja panalibe. Ndinalemba m'gulumo kuti ndinalipo ine, mwanayo alibe mlandu, wina n'kundiyankha kuti mwina nanunso akulipirani.

Andale nawo sanachedwe, masankho a 2021 anali akununkhira kale. Ma page a pa Facebook okonda PF, chipani cholamula nthawi imeneyo, ankati ndi otsutsa akufuna kusokoneza dziko, okonda UPND ankati ndi a chipani cholamula eni ake, ndipo ambiri a ma page amenewo analibe dzina la munthu, chithunzi chake mbendera chabe. Amene walemba moopsa kwambiri ndi amene ankapeza ma share ambiri. Pamene iwo ankaponyerana choncho, anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu m'dziko muno, mapositi ena a polisi anaphwanyidwa, mpaka boma la a Edgar Lungu linatulutsa asilikali m'misewu.

Ndakhala ndikuganiza kuti chifukwa chiyani anthu anzeru zawo, oti pa ndalama sungawabere ngakhale ngwee, ankakhulupirira mau a munthu wosamudziwa. Yankho langa ndi lakuti kunalibe kwina kokafunsa kumene ankakukhulupirira. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu June 2016 pa nkhani ya misonkho, kutatsala miyezi iwiri chabe kuti tivote. Masankhowo atangotha Muvi TV ndi Komboni Radio anaziyimitsa kwa kanthawi. Prime TV anaiyimitsa mu 2019, n'kudzailanda laisensi mu April 2020. Nyuzi ya 19 hours pa ZNBC, TV ya boma, inkayamba ndi a pulezidenti, n'kubwera nduna, n'kubweranso nduna ina, mwakuti ngakhale apolisi atanena zoona pamenepo kuti musamenye anthu, m'komboni ankangoti aja akuteteza anzawo. The Post nayonso inali ndi mbali yake, tonse tikukumbuka mmene inaimira ndi a Michael Sata mu 2011, koma inali ndi ofesi ku Bwinjimfumu Road ndi mkonzi wodziwika dzina, a Fred M'membe, ikanama umatha kuitengera ku khoti. Ife a ku Kanyama tikudziwa kuti pa kiyosiki madzi akasowa anthu sasiya kumwa, amakatunga pa zitsime zosaya zija, ndipo kolera ya 2017 ndi 2018 tinaiona ndi maso athu. Nkhani nazonso zinayenda motero.

Pa 18 March boma linalengeza odwala corona oyamba, ndipo ma gassing anangozilala m'mafoni, m'malo mwake munadzaza za jinja, mandimu ndi kufukiza, otumiza ake omwe aja. Ine ndinatuluka m'magulu angapo nyengo imeneyo, la ku Katete ndinatsalamo chifukwa ndi mmene timamvera za maliro, ndipo mpaka pano wina akaponya voice note ndimafunsa kuti walankhulayo ndani, ali kuti, zachitika liti, ngakhale ena amanyansidwa nane.

Gawo likubwera ndidzakamba za 12 August 2021, tsiku limene tili pamzere wovota WhatsApp ndi Facebook zinazima, ndi mmene kabuthi kanga kanasandukira malo oyikira anthu VPN, ka app ka pa foni kozembera pomwe atseka.