Lipoti la ulendo wathu wa ku Aberdeen wokaona luso loteteza zitsime za mafuta ndi gasi

Komiti ya gulu lathu la a Malawi amene tikuphunzira ndi kugwira ntchito zauinjiniya kuno ku Scotland inandipempha kuti ndilembe lipoti ili, kuti anzathu amene sanathe kutsagana nafe, komanso amene ali kumudzi, amveko zimene tinakaona. Cholinga cha ulendowu chinali kukaona ndi maso athu mmene anthu okumba mafuta ndi gasi amalamulirira zimene zili m'chitsime, kuti zituluke pa nthawi imene iwo afuna ndi pa mlingo umene afuna. Tinasankha Aberdeen chifukwa ndiye likulu la ntchito ya mafuta a ku North Sea kumbali ya Britain, kuchokera pamene mafuta anapezeka pa malo a m'nyanjayo otchedwa Forties mu 1970 n'kuyamba kufika kumtunda pa paipi mu 1975.

Tinayenda pa sitima ya pamtunda kudzera ku Dundee ndi ku Montrose. Pa Montrose ndi pamene pali likulu la International Well Control Forum (IWCF), bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo limapereka mayeso kwa oboola zitsime m'mayiko ambiri. Satifiketi ya woboola kapena ya woyang'anira ntchito imatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ndipo munthu amayenera kukalembanso mayeso ngakhale atakhala kuti wakalambira pa ntchitoyi. Titafika tinadutsa kaye pa Aberdeen Maritime Museum, pamene pali chifaniziro chachitali cha nsanja ya mafuta ya Murchison, koma sitinachedwepo chifukwa amatidikira ku malo ophunzitsira.

Ambiri a ife tinkayembekeza kuti atiyambitsira pa zitsulo zikuluzikulu. Aphunzitsi athu, bambo amene anagwira ntchito pa nsanja zam'nyanja kwa zaka zambiri, anatiyambitsira pa chidebe cha matope. Anatipatsa kasikelo kokhala ndi kapu kumapeto kwake, n'kutiuza kuti tiyeze kulemera kwa matopewo, kenaka anathiramo ufa wotuwa wa mwala wotchedwa barite, umene umalemera kuposa madzi kanayi, ndipo tinayezanso. Mfundo yawo inali yakuti chimene chimatseka chitsime pamene chikubooledwa ndi kulemera kwa matope amene adzaza m'dzenjemo kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mamita 10 alionse a madzi amawonjezera pulesha ya bar imodzi pansi pake, kotero chitsime cha mamita 3,000 chodzaza matope olemera 1.2 poyerekeza ndi madzi chimapanikiza mwala wa pansi ndi ma bar pafupifupi 350. Pulesha imeneyi ikaposa ya gasi kapena mafuta amene ali m'mwalamo, zinthu zimakhala phee. Ikangochepa, gasi amayamba kulowa m'chitsime, ndipo anthu a ntchitoyi amati mwachitika kick.

Mmodzi wa ife anafunsa chifukwa chimene sangolemeretsera matopewo kwambiri kuti nkhani ithe. Yankho lake ndi limene linationetsa kuvuta kwa ntchitoyi: matope akalemera mopitirira amang'amba mwala n'kuthawira m'ming'alu, mlingo wake m'chitsime umatsika, pulesha ya pansi imagwa, ndiye gasi amene mumamuopa uja amalowabe. Woboola amayenda pakati pa malire awiriwa, ndipo m'zitsime zina mpata wake ndi wochepa kwambiri. Ngakhale kuzula mapaipi mofulumira kumatha kuyamwa gasi kuchokera m'mwala, n'chifukwa chake pozula amawerengera matope amene chitsime chikumwa pa paipi iliyonse imene yatuluka.

Choopsa cha gasi n'chakuti amafufuma akamakwera. Amene walowa pansi pa ma bar 350 akhoza kukula maulendo mazana angapo pofika pamwamba, ndipo kukula kwakukulu kumachitika m'mamita otsiriza, pamene nthawi yoti muchitepo kanthu yatha kale. Aliyense amene anatsegulapo chigubu cha thobwa wosasa mothamanga akudziwa mmene zimakhalira. Gasiyo akamakula amakankhira matope kunja, chitsime chimapepuka, ndipo gasi wina wambiri amalowa kumbuyo kwake.

Zimenezi tinaziyesa tokha m'chipinda choyeserera, mmene muli mpando wa woboola, zogwirira, mageji ndi makompyuta monga momwe zimakhalira pa nsanja yeniyeni. Anatigawa m'magulu, wina pa mpando wa woboola, wina pa valavu yochepetsera pulesha yotchedwa choke, wina n'kumalemba manambala. Aphunzitsi ankalowetsa gasi m'chitsime chongoyerekezacho osatiuza. Chizindikiro chake sichinali phokoso kapena kugwedezeka ayi, koma kamzere ka pa sikirini koonetsa kuchuluka kwa matope m'mathanki, kamene kanayamba kukwera pang'onopang'ono, pamodzi ndi geji yoonetsa kuti matope obwerera akuchuluka kuposa amene pampu ikulowetsa. Ndondomeko yake ndi yakuti woboola anyamule paipi pang'ono, azimitse mapampu, ndipo aone ngati chitsime chikutulutsabe matope. Chikamatulutsa mapampu ali ozima, amatseka pompo, osayamba wakafunsa kwa abwana. Magulu awiri anapatsidwa chitsime chimodzimodzi, koma limene linatseka mochedwa ndi mphindi zochepa linapeza gasi wochuluka kwambiri ndi pulesha yokwera kwambiri pamwamba, ndipo linathetsa thukuta pomutulutsa kudzera pa choke. Anationetsa njira ziwiri zodziwika: kuyamba mwatulutsa gasiyo ndi matope omwewo kenaka n'kulowetsa olemera, kapena kudikira mpaka matope olemera atakonzedwa n'kuchita zonse ulendo umodzi.

Masana ndi pamene tinalowa m'shedi mmene muli blowout preventer, imene onse amangoitchula kuti BOP. Ndi mulu wa mavalavu osanjikizana, wautali kuposa munthu kangapo, ndipo ambiri amapangidwa kuti apirire pulesha ya ma psi 10,000 kapena 15,000 (ma bar pafupifupi 700 kapena 1,000). Pamwamba pamakhala mphira yaikulu yozungulira yolimbitsidwa ndi zitsulo, imene imafinyidwa mpaka kukumbatira chilichonse chimene chili m'dzenjemo. Pansi pake pamakhala zitsulo ziwiriziwiri zimene zimakumana kuchokera mbali zonse: zina zimagwira paipi mozungulira, zina zimatseka dzenje lopanda paipi, ndipo zotsiriza zili ndi mipeni yodula paipiyo n'kutsekeratu chitsime. Anatipatsa chidutswa cha paipi yodulidwa kuti tigwire. Chitsulo chochindikala chomwecho chinali chitaphwatalala kumapeto, m'mphepete mwake muli mano akuthwa, ndipo tinachinyamula anthu awiri. Mphamvu yotsekera imasungidwa m'mabotolo achitsulo a nitrogen, kuti BOP itseke ngakhale magetsi atazima. Maganizo a zitsulo zokumana pakatizi si atsopano, pakuti James Abercrombie ndi Harry Cameron anayamba kuzipanga ku Texas mu 1922.

Ngakhale chipangizochi n'chogometsa, aphunzitsi sanafune kuti tichikhulupirire mopitirira muyeso, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Pa nsanja ya Deepwater Horizon ku Gulf of Mexico, pa 20 April 2010, BOP inalipo, koma zotsatira za kuyeza chitsime zinamasuliridwa molakwika, matope olemera anachotsedwa n'kuikamo madzi a m'nyanja, ndipo gasi analowa kwa mphindi pafupifupi 40 anthu asanazindikire. Pamene mipeni ija inkatseka, paipi inali itapindika n'kuchoka pakati, kotero sinatseke chitsime. Anthu 11 anafa ndipo mafuta anatayika kwa masiku 87. Pa nsanja ya Ekofisk Bravo, mu North Sea kumbali ya Norway, chitsime chinaphulika mu April 1977 pa nthawi yochikonza, ndipo valavu yoteteza inapezeka kuti inamangidwa chadodolido. M'nkhani zonsezi chitsulo chinalephera pambuyo pa anthu.

Za chitsime chimene chayamba kutulutsa mafuta anangotifotokozera mwachidule. BOP imachotsedwa n'kuikapo mavalavu otchedwa Christmas tree, ndipo mkati mwa chitsime, pansi pa nthaka, mumakhala valavu ina imene imatseguka pokhapokha pamene ikukankhidwa ndi pulesha yochokera pamwamba, kotero nsanja ikawonongeka imadzitsekera yokha. Madzulo tinapita ku Hazlehead Park, kumene kuli chikumbutso cha anthu 167 amene anafa pa nsanja ya mafuta ya Piper Alpha mu North Sea pa 6 July 1988. Ngoziyo sinayambire m'chitsime koma pa pampu imene inayatsidwa valavu yake yoteteza itachotsedwa, ndipo moto unakula chifukwa mapaipi ochokera ku nsanja zina anapitiriza kuudyetsa. Lipoti la mu 1990 la Lord Cullen, woweruza amene anafufuza ngoziyo, linapereka mfundo 106, ndipo kuchokera pamenepo kampani iliyonse imayenera kusonyeza boma molemba mmene idzapewere ngozi isanaloledwe kugwira ntchito.

Pa zokambirana zathu nkhani inafika kwathu, monga mmene tinkayembekezera. Boma la Malawi linapereka ziphaso zofufuzira mafuta pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 2011, pansi pa lamulo la mu 1983. Kwa anansi athu ku Mozambique, gasi anapezeka ku Pande mu 1961, ndipo mu 1965 chitsime china kumeneko chinaphulika n'kuyaka kwa nthawi yoposa chaka. Funso limene linatisowetsa yankho linachokera kwa mayi wina wa m'gulu lathu, wa kwawo ku Nkhata Bay. Chitsime cha Deepwater Horizon chinatsekedwa ndi chivundikiro cholemera kwambiri chotsitsidwa ndi sitima zikuluzikulu, ndipo zivundikiro zotere tsopano zimasungidwa m'madoko ochepa, limodzi mwa iwo ndi Saldanha Bay ku South Africa. Nanga chingafike bwanji pa nyanja yathu, imene imazama mamita pafupifupi 700 ndipo siifikika ndi sitima zochokera ku nyanja yamchere chifukwa cha mathithi a mu Shire? Madzi ake amatulukira mu mtsinje umodzi wokhawo, ndiye kuti mafuta otayikamo sangachoke msanga, pamene usipa, chambo ndi madzi akumwa a anthu ambiri zili momwemo.

Chodandaulitsa pa ulendowu chinali nthawi. Sitinaone za kuthira simenti pakati pa paipi ndi mwala, chonsecho ngozi zambiri zimayambira pamenepo, ndipo gulu lomaliza linangokhala pa mpando wa woboola kanthawi kochepa chifukwa sitima yobwerera inali pafupi kunyamuka. Tinagwirizana kuti ulendo wotsatira tidzagone komweko, kuti komiti ifufuze mtengo wa maphunziro oyambirira a IWCF kwa mamembala amene akufuna, komanso kuti amene anaphunzira zamalamulo pakati pathu awerenge lamulo la mu 1983 lija n'kudzatiuza pa msonkhano wotsatira zimene limanena za kuyeza BOP ndi za maphunziro a anthu oboola.