Ntchito Yatha, Ndayamba Geni ya Usipa

Abale ndi alongo, ndafuna ndikudziwitseni kuti ntchito yanga ya kukhitchini pa malo ena ogona alendo kuno ku Mangochi yatha. Eni ake achepetsa antchito ponena kuti alendo sakubwera monga kale, komanso kuti katundu wakwera mtengo kwambiri chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi kuuza ana kuti fizi ya teremu ino ichedwa. Komabe ndinapita ku ofesi ya zantchito pa boma, kumene anandifotokozera kuti munthu wochotsedwa ntchito pa zifukwa ngati zimenezi, ngati wagwira chaka chathunthu kapena kuposera apo, ayenera kulandira ndalama zowerengera zaka zimene wagwirazo, kuphatikizapo za masiku a tchuthi amene sanapume. Anzathu ambiri amangochoka chimanjamanja posadziwa lamuloli, ndipo zimandimvetsa chisoni.

Ndi ndalamazo ndayamba kupikula usipa ku Makawa mbandakucha, kuuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Namwera. Phindu lake n'lochepa, makamaka mwera ukaomba ndipo asodzi alephera kulowa m'nyanja. Amene mukudziwa amayi ooda usipa wambiri ku Liwonde, chonde mundilumikize nawo.