Mapailoti akadulidwa malipiro, akugula chiyani kwenikweni?

Mutu womwe wandidyera nthawi kwambiri temu ino pa kosi ya za ubale wa mabwana ndi antchito ndi wa mapailoti a makampani ang'onoang'ono a ndege ku America, aja amanyamula anthu kuchokera m'matauni ang'ono kukawatula ku mabwalo akuluakulu ngati Chicago kapena Atlanta. Funso la asayimenti linali lalifupi koma lozunguza mutu: anthu asiya kukwera ndege, kampani ikumira, mabwana apempha mapailoti kuti avomere kudulidwa malipiro kuti kampani isatseke. Avomere kapena akane? Mu gulupu yathu ambiri anangoti aaa avomere basi, ndalama yochepa ndi bwino kusiyana ndi kukhala pakhomo. Zikumveka ndithu, koma nditawerenga momwe makampani amenewa amapezera ndalama ndinaona kuti yankholi likudumpha munthu mmodzi wofunika kwambiri, amene sakhala nawo n'komwe pa tebulo lokambirana.

Makampani ngati SkyWest, Republic, Mesa, Endeavor, Envoy, PSA ndi Piedmont nthawi zambiri sagulitsa matikiti awoawo. Munthu amagula tikiti ya United, Delta kapena American, ndege yomwe wakwera yalembedwa United Express kapena Delta Connection kapena American Eagle, koma pailoti ali kutsogoloyo ndi wa kampani ina. Kampani yaikulu ndi imene imasankha njira, nthawi yonyamuka, mtengo wa tikiti, kawirikawiri imalipiranso mafuta, kenako yaing'onoyo imalandira ndalama malinga ndi maulendo ndi maola omwe yauluka. Ndiye okwera akachepa, vuto silifika kwa kampani yaing'ono kudzera pa tikiti, limafika kudzera pa kalata yochokera kwa wamkulu yoti maulendo anu tawachepetsa, kapena kontirakiti ikatha tipereka kwa wina wotchipa. Ili ngati mmisiri amene akumanga nyumba ya eni, akhoza kuwadula malipiro anyamata ake mmene angafunire koma mwini nyumba akati ndapeza wina, nkhani yathera pompo. Ndipo poti mtengo wa ndege ndi wa mafuta sali m'manja mwawo, chomwe mabwana a kampani yaing'ono angafinye n'kuonekera msanga ndi malipiro a anthu. Kukula nakonso kuli ndi malire, chifukwa makontirakiti a mapailoti a makampani aakulu amaletsa timakampani timeneti kuulutsa ndege za mipando yoposa 76 m'dzina la kampani yaikulu.

Malipiro enieniwo ndinachita kuwawerengera pa pepala kuti ndiwamvetse. Pailoti salipidwa pa mwezi ngati wa mu ofesi, amalipidwa pa ola, ndipo ola lake limayamba kuwerengedwa ndege ikamachoka pa geti n'kutha ikaima pa geti ina. Nthawi ija akuzungulira ndege m'bandakucha ndi tochi kuyang'ana matayala ndi mapiko, nthawi yowerenga za nyengo, nthawi yokhala pa benchi maola atatu kudikira ndege yochedwa, zonsezo sizilowa mu ola lolipidwa. Makontirakiti ambiri amalonjeza maola pafupifupi 75 pa mwezi ngakhale usawakwanitse, ndipo lamulo sililola kuuluka maola oposa 1,000 pa chaka. Ndiye ukamva kuti munthu amalandira madola 40 pa ola usathamangire kuchulukitsa ndi maola 160 ayi. Chitsanzo changa chongopeka: 40 kuchulukitsa ndi 75 ndi madola 3,000 msonkho usanachotsedwe. Adule 10 peresenti atsala 2,700. Koma mabwana akhozanso osakhudza 40 uja n'komwe, angotsitsa maola olonjezedwa kufika 60, munthu atsala ndi 2,400 koma pa pepala malipiro a pa ola sanasinthe. Kudula kumabisala malo ambiri, mu masiku opuma, mu ndalama ya penshoni, mu inshuwalansi ya chipatala, mu kuimitsa kukwera kwa malipiro komwe kumabwera chaka ndi chaka.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya nambala ya seniority. Tsiku lomwe walembedwa ntchito umapatsidwa malo pa mndandanda wa mapailoti a kampaniyo ndipo moyo wako wonse wa pantchito umayendera nambala imeneyo, kaya ndi kusankha masiku opuma, mzinda womwe uzikhala, nthawi yomwe ukhale kaputeni, ngakhale amene ayambe kutumizidwa kunyumba zinthu zikavuta, amayambira pansi pa mndandanda. Vuto ndi loti nambalayi siyenda nawe. Kaputeni wa zaka 20 kampani yake ikatseka, akapita kwina amakayambira pansi penipeni, mpando wa kumanja wa wothandizira kaputeni, malipiro a chaka choyamba, kugwira ntchito pa Khirisimasi ngati mwana wongobwera kumene. Dokotala kapena akauntanti akasintha ntchito zaka zake amapita nazo, pailoti ayi. Ndiye mabwana akanena kuti mukakana titseka, amadziwa bwino kuti akulankhula ndi anthu omwe sangangonyamula chikwama n'kupita.

Nkhani ya Comair ndi imene ndinaiwerenga mobwerezabwereza. Inali ya Delta, likulu lake ku bwalo la ndege la Cincinnati. Mu 2001 mapailoti ake ananyanyala ntchito masiku 89 ndipo anapeza kontirakiti yabwino kuposa anzawo a makampani ang'onoang'ono. Delta inaphunzirapo kanthu, inayamba kugawa maulendo kwa makampani angapo kuti gulu limodzi lisadzathenso kuimitsa bwalo lonse. Chaka chomwecho kunachitika za uchigawenga za pa 11 Seputembala, okwera anachepa, patapita nthawi mafuta anayamba kukwera, ndipo mu Seputembala 2005 Delta ndi Comair analowa mu Chapter 11, ndondomeko ija kampani yolephera kubweza ngongole imatetezedwa ndi khoti kwinaku ikudzikonza. Mapailoti anadulidwa malipiro, mu 2007 anavomera kontirakiti yotsika khoti litaloleza kale kampani kutaya yakale. Ndiye mwaona, anapereka. Koma ndege zawo zambiri zinali za mipando 50 zomwe zimadya mafuta ambiri pa munthu mmodzi, antchito awo anali akalekale kotero okwera mtengo, Delta inapitiriza kuchepetsa ndege mpaka pa 29 Seputembala 2012 Comair inauluka komaliza. Kudula kuja kunagula zaka zingapo, mwina, koma sikunasinthe zoti Delta inali ndi ena otchipa.

Si kuti nthawi zonse zimatha choncho. Pinnacle, kampani inanso yaing'ono, inalowa mu Chapter 11 mu Epulo 2012, mapailoti anavomera kontirakiti yotsika mu Januwale 2013, kampani inatuluka ili m'manja mwa Delta, inasintha dzina kukhala Endeavor Air n'kusamuka ku Memphis kupita ku Minneapolis, ndipo mpaka pano ikuuluka. Kusiyana kwake komwe ine ndinaona ndi koti apa Delta yeniyeniyo inali mkati mwa nkhani, inaika ndalama ndiponso ndege. Za Envoy zinandionetsa mbali ina. Mu 2014 mapailoti ake anakana zomwe American inkafuna, American sinakangane nawo nthawi yaitali, inangopereka ndege zatsopano za Embraer 175 kwa kampani ina ya Compass ndi kuyamba kusamutsira ndege zina kwa PSA, omwe mapailoti ake anali atavomera kale. Pofika Disembala chaka chomwecho a Envoy anavomera. Envoy ndi PSA onse ndi ana a American, onse ali mu yuniyoni imodzi ya ALPA, koma anapikisanitsidwa okhaokha. Imeneyi sinali nthawi yoti okwera achepa n'komwe, ndiye tangoganizani mmene chida chomwechi chimapwetekera ndege zikakhala zangoimikidwa.

Ndipo 2020 inafika ndi mliri wa COVID-19. Mu Epulo anthu odutsa m'mabwalo a ndege ku America anatsika ndi maperesenti opitirira 90. Trans States ndi Compass anatseka mwezi womwewo. Boma kudzera mu lamulo la CARES Act linapereka madola 25 biliyoni oti makampani a ndege za anthu alipirire antchito, pa mgwirizano woti asachotse munthu mpaka pa 30 Seputembala. United inali ndi makampani awiri ouluka ndege za Embraer 145, ExpressJet ndi CommutAir, inaganiza zotsala ndi imodzi ndipo inasankha CommutAir, yaing'ono komanso ya mapailoti atsopanoko. ExpressJet inasiya kuuluka pa 30 Seputembala pomwepo. Apa ndi pomwe ndinalemba mu manotsi ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndani ali ndi ntchito m'manja. Chifukwa mabwana a kampani yaing'ono akhoza kukhala oona mtima ndithu pamene akuti tithandizeni tipulumuke, koma lonjezo la ndege ndi maulendo si lawo kuti alipereke.

Malamulo nawonso amakankhira mbali imodzi. Mapailoti ali pansi pa Railway Labor Act, lamulo la 1926 lomwe linayamba kukhudza za ndege mu 1936. Kontirakiti yawo siitha ngati ya ena, imangofika nthawi yoti ikhoza kusinthidwa, ndipo kunyanyala ntchito kumafuna kudutsa kwa a National Mediation Board, bungwe la boma loyanjanitsa mbali ziwirizi, omwe akhoza kukusungani pa zokambirana zaka. Tanthauzo lake ndi loti kutsitsa kumachitika msanga, miyezi yochepa kampani ikulira, koma kukweza kumatenga nthawi yaitali zinthu zikabwerera mwakale. Kuonjezera apo gawo 1113 la lamulo la makampani ogwa limalola jaji kuvomereza kuti kontirakiti ya yuniyoni itayidwe. Ndiye yuniyoni imakhala ikuyerekeza kuti tidzidule tokha pano tili ndi mawu, kapena atidule jaji.

Pali mtengo wina womwe suoneka mu bajeti. Pa 12 Febuluwale 2009 ndege ya Colgan Air yomwe inkauluka m'dzina la Continental inagwa pafupi ndi Buffalo, anthu 50 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti chachikulu chinali momwe kaputeni anachitira ndege itachenjeza kuti liwiro lachepa, ndiye tisanene kuti malipiro ndi amene anagwetsa ndege. Koma kafukufukuyo anaulula moyo wa anthu amenewa, wothandizira kaputeni ankalandira pafupifupi madola 16,000 pa chaka, ankakhala dera la Seattle ntchito ili ku Newark, ndipo anayenda usiku wonse pa ndege za katundu kuti akafike kuntchito. Zitatero kunabwera lamulo loti wothandizira kaputeni azikhala ndi maola 1,500 asanalembedwe, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013. Sukulu yodula, maola ambiri, malipiro a chaka choyamba ochepa, achinyamata ambiri anangoti zikomo. Anthu atayambanso kuyenda mliri utachepa makampani aakulu anakokolola makaputeni a timakampani, ndipo mu 2022 Envoy ndi Piedmont anakweza malipiro a woyamba kumene kufika madola 90 pa ola, Mesa inafika 100. Ndalama zomwe zaka zonsezo zinkanenedwa kuti kulibe zinapezeka mu miyezi yochepa mapailoti atasowa.

Mu asayimenti sindinayankhe kuti avomere kapena akane, ndinalemba kuti zimatengera chomwe chalembedwa mbali inayo ya pepala komanso amene wasayina. Ngati kampani yaikulu yasayina kuti ndege zakuti zikhala kuno zaka zakuti, pali chogula. Ngati pali tsiku lenileni loti malipiro adzabwerere mwakale okha popanda kukambirananso, kapena akuti okwera akafika pakuti abwerere, zikumveka. Ngati mabwana nawonso akudulidwa ndipo yuniyoni yaloledwa kuona mabuku a ndalama ndi akatswiri ake, bwinoko. Masheya okha ine sindiwakhulupirira kwenikweni, antchito a United mu 1994 anapatsidwa 55 peresenti ya kampani posinthana ndi malipiro, kampani italowa mu Chapter 11 mu Disembala 2002 masheyawo anasanduka mapepala. Alekichala anandilembera m'mbali kuti nanga yuniyoni ilibe mphamvu yofunsa zonsezi? Funso labwino, ndipo nthawi zambiri ilibedi, makamaka mnzako wa kampani ina atavomera kale.

Gawo lomwe likundivutabe kulemba bwino ndi la voti. Kontirakiti yotsika imadutsa mapailoti akaivotera, koma anthu ovotawo sakutaya zofanana. Wa pamwamba pa mndandanda sangachotsedwe pokhapokha kampani yonse itatseka, ndiye kwa iye kudula ndi kutaya ndalama chabe, makamaka ngati watsala pang'ono kufika zaka 65 zopumira. Wa pansi akudziwa kuti voti ikakanika dzina lake ndi loyamba pa kalata. Mu Seputembala 2020 mapailoti a United, kampani yaikulu, anavomera kugawana maola ochepa kuti anzawo pafupifupi 2,850 asatumizidwe kunyumba, ndipo a pansi ndi amene anadulidwa maola ambiri. Ku kampani yaing'ono kuwerengera kwake n'kosiyana, wa pansi mwina akungofuna kudzaza maola ake athawire ku kampani yaikulu, pamene wa pamwamba amene anamanga moyo wake wonse pamenepo ndi amene akuopa kwambiri kuti zitseko zingatsekedwe, ndiye amene ungaganize kuti akana akhoza kukhala woyamba kuvomera.