Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Zipsera za M'mapapo a Bambo

Mu gawo lapitalo ndinalekeza pomwe dokotala anatilozera pa kompyuta chithunzi cha chifuwa cha bambo. M'munsi mwa mapapo munali timabowo tokhala ngati chisa cha njuchi. Anati ndi zipsera, matenda otchedwa pulmonary fibrosis, ndipo mankhwala a pirfenidone ndi nintedanib, amene anavomerezedwa ku America mu 2014, amangochedwetsa kuwonongeka. Malo amene auma kale sabwerera.

Mawu amenewo anandilanda tulo. Usiku ndinkakhala pambali pa bedi lawo, makina a okosijeni akulira, ine ndili pa foni. Ndi mmene ndinapezera kampani ina yolonjeza kuti jekeseni wa ma stem cell, maselo otha kusanduka maselo a mitundu ina, amameretsa mapapo atsopano. Sindinama, ndinakhulupirira. Ndinayamba kuwerengera katundu woti ndigulitse.

Anandibweza ndi nesi wina wachikulire. Sanandidzudzule, anangojambula kathumba pa pepala. Anati m'mapapo muli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo m'khoma la kathumba kalikonse muli maselo otchedwa AT2. Amenewa amatulutsa timadzi toletsa kathumbako kufwapa, ndiponso akavulala anzawo, amagawikana n'kulowa m'malo mwawo. Kwa bambo, amisiri amenewa ndi amene anatopa. Asayansi akuyesadi kuwadzutsa kapena kulera ena mu labotale, koma zonsezi zikadali pa kafukufuku.

Nditawerenga za cystic fibrosis, nthenda ina yobadwa nayo imene imawononga mapapo, m'pamene ndinamvetsa kutalika kwa njirayi. Kachigawo ka DNA kamene kamayambitsa nthendayi, CFTR, kanapezeka mu 1989 ndi gulu la asayansi Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins. Mu 1993 anayamba kuyesa kulowetsa kachigawo ka CFTR kabwino m'maselo a odwala pogwiritsa ntchito vairasi. Koma mapapo ndi ouma mutu: mamina ndi chitetezo cha thupi zinkathamangitsa mlendoyo. Mu 2015 ofufuza a ku Britain, atapatsa odwala DNA yopumira mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu, anapeza kusiyana kwa 3.7 peresenti yokha pa kapumidwe. Zaka 26, pa nthenda yodziwika gwero lake! Nanga amene ankandilonjeza zodabwitsa ndi jekeseni mmodzi anazitenga kuti?

Kuwauza bambo kunandivuta kuposa zonse. Ndinagwada pafupi nawo, mawu akunjenjemera.

"Ababa, chithandizo chija sichoona. Chenichenicho sichinafike."

Anakhala chete nthawi yaitali, zala zawo zotupa kumapeto zikusisita bulangete. Kenako anakoka mpweya kawiri, monga ankachitira asanalankhule.

"Mwana wanga, usagulitse kanthu. Koma madokotala enieniwo akafuna munthu woyeserapo, ukandilembetse."

Ndinawakonzera kapaipi ka okosijeni kamene kanali katatsetsereka pakhutu. M'mawa mwake ndinapita kukafunsa dokotala za kafukufukuyo, ndipo zimene anandiyankha ndidzakuuzani mu gawo lotsatira.