Kodi Vuto la Electoral College Lili Pati Kwenikweni?

Pa phunziro la ndale za mayiko ena tapatsidwa funso lakuti dongosolo la Electoral College, limene dziko la America limagwiritsa ntchito posankha pulezidenti, lithetsedwe kapena lingokonzedwa. Anthu akaponya voti mu November amakhala akusankha nthumwi 538, ndipo wolowa ku White House ndi amene wapeza nthumwi zosachepera 270. Chigawo chilichonse chimalandira nthumwi molingana ndi chiwerengero cha aphungu ake m'nyumba ziwiri za Congress, n'chifukwa chake Wyoming, kumene anthu sakwana 600,000, ili ndi nthumwi 3, pomwe California ili ndi 54.

Ofuna kuthetsa dongosololi amatchula kwambiri chaka cha 2000, pamene George W. Bush anapambana ku Florida ndi mavoti 537 okha n'kutenga nthumwi zonse 25 za chigawocho, ngakhale kuti m'dziko lonse Al Gore anamuposa ndi mavoti opitirira theka la miliyoni. Mu 2016 zinabwerezanso kwa Hillary Clinton.

Ine ndaona kuti pagona nkhani ndi pa kutenga nthumwi zonseko. Lamulo lakuti wopambana m'chigawo akokolole nthumwi zonse mulibe m'malamulo aakulu amene analembedwa ku Philadelphia mu 1787. Zigawo zinadzisankhira zokha, ndipo Maine ndi Nebraska zimagawa nthumwi zawo. Lamulo lokokolola nthumwi zonseli ndi limene limachititsa kuti opikisana azingopondaponda ku Pennsylvania, Michigan ndi Wisconsin, kumene wopambana sadziwikiratu, pamene wa chipani cha Republican wokhala ku California amavota akudziwiratu kuti voti yake sibweretsa nthumwi ngakhale imodzi.

Kuthetseratu dongosololi n'kovuta zedi, chifukwa kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri komanso chivomerezo cha zigawo 38. Mu 1969 nyumba ya House of Representatives inavomereza ganizo lotere, koma linakafera ku Senate mu 1970. Njira ya Maine nayo sindikuikhulupirira, pakuti imadalira malire a madera a aphungu, amene andale amawajambula mokomera chipani chawo. Pa ntchito yanga ndatsamira ku mgwirizano umene Maryland inayamba kulowamo mu 2007, woti zigawo zizipereka nthumwi zawo kwa amene wapeza mavoti ambiri m'dziko lonse, ngakhale kuti sudzagwira ntchito mpaka zigawo zolowamo zitakwanitsa nthumwi 270, ndipo tsiku limenelo otsutsa adzathamangira nawo kukhoti.