Fodya wa agogo a ku Mponela

Bodza langa linali laling'ono. Tsiku lokaonekera kwawo kwa mayi akunyumbawa ku Mponela, ndinauza anthu kuti ndinakulira m'fodya ku Kasungu. Zoona zake n'zakuti bambo anga ankagulitsa mandasi pageti la okushoni ya Chinkhoma, ndipo fodya yekhayo amene ine ndinasutapo ndi ndevu za chimanga zokulunga m'pepala la kope, kuseri kwa chimbudzi cha sukulu, ndili Sitandade 5.

Agogo ake a mkazi wanga anali phee pamkeka, kumvetsera. Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kabotolo kakuda bii ndi thukuta la zaka.

"Amuna anga, sendezani kuno. Munthu wa ku Kasungu sangachoke pakhomo panga osalawa."

Unali fodya wofwenkha, wa chikopa chofuchirira ndi utsi wa nkhuni, wopera okha pamwala n'kudonthezera chidulo kuti alume bwino. Anandithirira pang'ono pachikhatho. Odziwa amangotsina ndi zala ziwiri n'kupereka kumphuno mwaulemu. Ine, poopa kuoneka wamantha pamaso pa amalume ake a mkazi, ndinaika mphuno pachikhathopo n'kukoka yense ngati ndikumwa phala.

Poyamba kunali zii. Ndinamwetulira, mpaka kugwedeza mutu ngati wogula fodya ku Kanengo. Kenako moto unakwera kuchokera m'mphuno kukafika kunkhongo.

Etsiii!

Koyamba kanagwetsa chipewa changa. Kachiwiri kanapeza apongozi aakazi atangogwada ndi lichero la ufa chapatali, paja mkamwini ndi apongozi sayandikana. Atadzidzimuka analiponya m'mwamba, ufa wonse n'kutsikira pa suti ya amalume, imene ndinamva pambuyo pake kuti inalinso yobwereka. Nkhuku zinabalalika. Galu anayamba kundiuwa. Ine misozi chuchuchu, mamina akuda ngati matope a m'dambo, dziko likuzungulira. Ndinayesa kunena kuti pepani, koma chimene chinatuluka ndi etsi wina.

Mlamu wanga wamng'ono ankawerenga mokweza. Akuti ndinafika 14, ngakhale ine ndimakana, awiri omalizawo chinali chifuwa.

Amalume anadzikuntha ufa pamapewa, nkhope ili mbuu ngati namwali wa kutsimba, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Kodi achimwene, ku Kasunguko mumalima mbali iti?"

Agogo okha ndiwo sanaseke. Anatsina wawo, kufwenkha mbali iyi, kufwenkha mbali inayo, osaphethira n'komwe, n'kubweza kabotolo m'chitenje.

"Mwandithera fodya wa sabata yathunthu, amuna anga. Mukamabweranso mudzatenge wa kwanuko."

Ukwati unatheka ndithu, ana tili nawo atatu. Koma ndikatsika minibasi pa Mponela, akabaza sandifunsa kumene ndikupita. Amangoitanizana: "Tanyamula a Etsi awo, ukawasiye kwa agogo."